Ampu ya besi yonyamula ndi dzanja limodzi

Kwa zaka zambiri, woimba besi, gitala ya mawu otsika, ndiye ankafika pamalo oimbira atatopa kale nyimbo zisanayambe. Woimba ng'oma amakhala ndi katundu wambiri, koma wake amamasuka n'kukhala tizidutswa toti aliyense mu bandi anyamuleko kamodzi. Katundu wa woimba besi sagawika. Ampu (chida chokuzira mawu) yotchedwa Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969 ndipo mpaka lero ambiri amayezera pa iyo mawu a besi, mutu wake wokha, mbali yokuza mawu yopanda masipika, umalemera makilogalamu pafupifupi 38, ndipo bokosi lake la masipika asanu ndi atatu limaposa makilogalamu 60. Zida zimenezo anazipangira mabwalo akuluakulu, nthawi imene ampu ya kumbuyo kwa woimba inkayenera kufikitsa yokha mawu kwa munthu wakumapeto kwa khamu. Koma ambiri a ife timaimba m'zipinda za anthu makumi angapo, m'maholo ang'onoang'ono, m'malesitilanti, m'matchalitchi ndi pamaphwando. Malo oterewa safuna chimphona.

Ine ndimaimba ndi combo, ampu ndi sipika zili m'bokosi limodzi, ya sipika imodzi ya mainchesi 12. Besi ndimabereka kumsana, ampu kudzanja ili, thumba la zingwe kudzanja linalo, ndipo masitepe ndimakwera osaitana munthu. Ndimaikonda kwambiri ndipo sindibisa. Komabe ndaona anzanga ena akugula ampu yotereyi, kuimba nayo pang'ono, kenako n'kuigulitsa ati ilibe mphamvu. Ndikafunsitsa ndimapeza kuti ankaituma ntchito ya SVT, yogwedeza chifuwa cha munthu amene wakhala kumapeto kwa holo. Ntchito ya ampu yopepuka ndi ina. Iyenera kumveketsa noti iliyonse, kuti ndi noti yanji, yayamba liti, yatha liti, ndipo woimba ng'oma aimve bwinobwino. Munthu akavomereza zimenezi, kapotokoledwe ka mabatani, poiika pa siteji, ngakhale kakhudzidwe ka nsambo, zonse zimasintha.

Ampu zakale zinkalemera chifukwa cha chitsulo. Magetsi a pakhoma amasinthasintha mbali maulendo 50 kapena 60 pa sekondi, ndipo thiransifoma yogwira ntchito pa liwiro lochepa chonchi imafuna phata lalikulu lachitsulo ndi waya wambiri wa kopa. Ampu za mavalavu zimakhalanso ndi thiransifoma yachiwiri kotulukira mawu. Zamakonozi zimayamba zasandutsa magetsiwo kuti azisinthasintha maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi, ndipo zikatero kathiransifoma kokwana m'chikhatho kamagwira ntchito yonse. Mbali yokuza mawu nayonso inasintha. Ya mtundu wa Class AB imataya pafupifupi theka la magetsi ake ngati kutentha, n'chifukwa chake imafuna zitsulo zazikulu zoziziritsira. Ya Class D imayatsa ndi kuzimitsa mathiranzisita ake mofulumira kwambiri m'malo mowasiya otseguka mwatheka, ndipo chotayika chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Chomaliza ndi maginito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a ku General Motors ndi a ku Sumitomo Special Metals, gulu lililonse palokha, anapanga maginito a neodymium, amphamvu kutali kuposa a ferrite a msinkhu womwewo. Atalowa m'masipika, ndipo mabokosi atayamba kukhomedwa ndi pulayiwudi yopepuka, panatuluka zida ngati Mini CMD 121P ya Markbass ya ku Italy, yolemera makilogalamu pafupifupi 13, ndi Rumble 100 ya Fender, ya m'gulu limene linatuluka mu 2014, yolemera pafupifupi 10. Oimba besi yaikulu yoimirira a nyimbo za jazz anali atayamba kale njira imeneyi ndi kabokosi kachitsulo ka Gallien-Krueger, MB150.

Chimene akatswiri sanathe kuchipeputsa ndi mpweya. Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi, ya E, imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi, ndipo funde limodzi la mawu amenewo limatalika mamita opitirira 8. Kuti mawu otsika chonchi amveke mokweza, sipika iyenera kukankha mpweya wochuluka, ndipo mukatsika ndi okitevi imodzi, kutanthauza kuti maulendo a kunjenjemera achepa ndi theka, sipika yomweyo iyenera kuyenda mtunda wowirikiza kanayi kuti mawu akhale okwera chimodzimodzi. Josef Anton Hofmann, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya masipika ya KLH, ananena lamulo limene opanga masipika amalitchula ndi dzina lake mpaka pano: bokosi laling'ono, mawu otsika kwambiri, ndi kukweza pa magetsi ochepa, mwa zitatuzi mutha kupeza ziwiri zokha. Opanga ma combo opepuka anasankha bokosi laling'ono ndi kukweza. Mawu a pansi penipeni ndiwo anaperekedwa nsembe.

Izi zimamveka ngati kuluza kwakukulu, koma sizili choncho. Ngakhale bokosi lija la SVT la masipika asanu ndi atatu, malinga ndi manambala a Ampeg eniake, mawu ake amayamba kuchepa pafupi ndi 58 Hz, kutanthauza maulendo 58 pa sekondi, pamwamba ndithu pa 41. Chimene timatcha mawu a besi, gawo lake lalikulu silikhala pansi penipeni. Nsambo ya E ikalira imatulutsanso mawu ena pamwamba pake, pa 82, pa 124, pa 165 Hz, mpaka kukwera ndithu, ndipo khutu likamva mndandanda umenewu ubongo umadzaza wokha noti yapansi imene sipika sinaitulutse mokwanira. N'chifukwa chake mumatha kutsatira besi ya nyimbo pa kasipika ka foni, kamene 41 Hz sikangaitulutse n'komwe. Ndiponso kuyambira pa kafukufuku wa Harvey Fletcher ndi Wilden Munson ku Bell Labs mu 1933, zimadziwika kuti khutu la munthu limamva mawu a pakati mosavuta, pomwe a pansi amafunika mphamvu yochuluka kwambiri kuti limve kuti akwera mofanana. Choncho wati iliyonse imene kaampu kanu kawonongera pa 40 Hz imabweza zochepa, pomwe yomweyo ikapita pa 200 kapena 400 Hz imamveka chipinda chonse.

Apa ndi pamene pamagona nkhani ya mabatani. Munthu akakhala yekha m'chipinda chake, mawu okoma kukhutu ndi aja okweza bass (mawu a pansi) ndi treble (a pamwamba) n'kutsitsa mid (a pakati). Ampu zambiri zili ndi kabatani kochita zimenezi kamodzin'kamodzi, ena amakatcha contour, ena scoop, ena shape. Mukakadina muli nokha, besi imamveka yonenepa, yosalala. Koma ng'oma, gitala ndi kiyibodi zikangolowa, mawu aja amasowa. A pansi amakwiriridwa ndi ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi, a pamwamba amamezedwa ndi zitsulo za ng'oma ndi gitala, ndipo a pakati, amene akanakuonetsani, mwawachotsa nokha. Woimba akaona kuti sakudzimva amakweza voliyumu, sipika n'kuyamba kupupuma, iye n'kunena kuti ampu ndi yofooka.

Ine ndimayamba mabatani onse ali pakati, contour yozimitsa. M'chipinda cha makoma olimba ndimabweza bass pang'ono m'mbuyo, kenako ndimakweza low mid pang'ono kuti noti ikhale ndi thupi. Ngati zala sizikumveka pogunda nsambo, ndimawonjezera pafupi ndi 800 Hz. Ndikaimba ndekha, mawu amenewa amamveka ouma, mwinanso amphuno, ndipo poyamba munthu samasuka nawo. Muwaweruze bandi yonse ikulira. Gain, imene imayeza mphamvu ya mawu olowa mu ampu, ndimaikweza mpaka kanyali kochenjeza kazingophethira pa noti zimene ndagunda mwamphamvu kwambiri, kenako ndimaibweza pang'ono, ndipo kukweza konse kotsala ndimachita ndi master, batani la voliyumu yonse. Besi yokhala ndi batire mkati imatulutsa mawu amphamvu kuposa yopanda, choncho gain yake imakhala yotsikirapo.

Chida chimodzi chimene ndikanakonda woimba besi aliyense atachidziwa ndi high-pass filter, imene imadula mawu otsikitsitsa asanafike ku sipika. Ma combo ambiri ali ndi bowo lotulukira mpweya, ndipo bowolo analiyeza kuti lithandize sipika pa malire ena ake. Pansi pa malirewo mpweya wa m'bokosi umaleka kuigwira sipika, ndipo imangovina kutsogolo ndi kumbuyo popanda mawu enieni, ngati munthu wopalasa bwato nkhafi ili m'malere osakhudza madzi. Kugunda kwa chikhatho pa nsambo ndi kukhudza kwa chala pa pickup, kachida kotola mawu a nsambo, zimatumiza mawu otere ambiri. Mukawadula, kuyambira penapake pakati pa 40 ndi 60 Hz kutsika m'munsi, sipika imapuma, ampu imatsala ndi mphamvu yosungira, ndipo chodabwitsa n'chakuti besi imamveka yolimba kuposa kale. Ampu zina zili nayo kale mkati mobisika, zina zili ndi batani lake, ndipo pa zina mumafunika kugula kapedulo kapadera.

Za mawati ndinene mwachidule, chifukwa anthu amazipatsa ulemu wopitirira. Kuchoka pa mawati 100 kufika pa 200 kumawonjezera 3 dB yokha (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), kusiyana komveka koma kochepa. Kuti khutu limve kuti mawu awirikiza kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati owirikiza ka 10. Ampeg B-15, imene Jess Oliver anapanga n'kutuluka mu 1960, inali ndi mawati osapitirira 30 m'zaka zake zoyambirira, koma inagwira ntchito m'nyumba zojambulira nyimbo ndi m'makalabu kwa zaka zambirimbiri. Komanso nambala yolembedwa pa bokosi muziiwerenga bwino. Nthawi zambiri imakhala ya pamene mwalumikiza bokosi lachiwiri la sipika. Markbass ija imapereka mawati 300 payokha ndi 500 ikakhala ndi bokosi lowonjezera, ndipo Rumble 500 imapereka 350 payokha.

Chimene chimasintha mawu kuposa batani lililonse, ndipo sichilira ndalama, ndi pamene mwaika ampu. Mawu a pansi amafalikira mbali zonse, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. A pakati ndi a pamwamba amayenda molunjika kumene sipika yaloza. Kabokosi kafupi kakakhala pansi, inu mutaimirira pafupi nako, mawu amene amakuuzani noti amapita m'mawondo mwanu, ndipo makutu anu amangolandira kulindima. Mumaona ngati simukumveka, pomwe munthu wakhala patsogolo, amene sipika yamuloza kumaso, akumva besi yopitirira muyezo. Njira yake ndi kupendeketsa bokosi kuti liyang'ane kumutu kwanu. Hartke inapanga ma combo otchedwa Kickback odulidwa kumbuyo kuti azitsamira okha, koma kathabwa kapena kampira kolowetsa kunsi kwa mbali yakutsogolo kamachita zomwezo. Ena amaika ampu pampando. Zimathandiza kudzimva, koma mawu a pansi amachepako chifukwa bokosi latalikirana ndi pansi. Pa siteji yamatabwa yamphako kunsi, kuchepa kumeneko kumakhala dalitso, chifukwa siteji yotere imalira limodzi ndi ampu n'kusandutsa noti zonse kukhala mkokomo umodzi.

Khoma ndi bwenzi la kaampu kakang'ono. Mawu a pansi amene akanathawira kumbuyo amagunda khoma n'kubwerera kudzathandiza akutsogolo, ndipo mumapeza mawu owonjezera osawonjezera magetsi. Pakona, pamene makoma awiri akumana ndi pansi, thandizolo limachuluka mpaka nthawi zina kuwononga, besi n'kumangolindima. Koma pali mtunda wina woipa umene anthu ambiri amaugwiritsa ntchito osadziwa. Sipika ikakhala pafupifupi mita imodzi kuchokera kukhoma, mawu obwerera amafika mosemphana ndi akutsogolo pafupi ndi 85 Hz ndipo amafafanizana. Kumbukirani kuti 82 Hz ndi pamene nsambo ya E imatsamira pa ampu yaing'ono. Choncho muisendeze pafupi kwambiri ndi khoma, kungosiya mpata woti mpweya wa bowo lakumbuyo ndi wa fani uzituluka, apo ayi muitalikitse ndithu. Ndaonapo besi yomveka yowonda ikunenepa chifukwa chongokankhira bokosi m'mbuyo ndi phazi.

Chipinda chilichonse chilinso ndi noti zake zimene chimazikweza ndi zina zimene chimazimeza, malinga ndi kutalikirana kwa makoma ake. Poyesa zida ndimaimba noti imodziimodzi kukwera pa nsambo ziwiri zazikulu, pang'onopang'ono, kumvetsera imene ikudumpha kuposa zinzake. Ikapezeka, ndimasuntha ampu kaye ndisanakhudze batani. Ndimakhalanso ndi chingwe chachitali choti ndizitha kutsika pa siteji n'kukaimirira pamene pakhale anthu, bandi ikuimba. Zimene mumamva mutaima pafupi ndi ampu ndi zimene omvera amamva nthawi zambiri zimasiyana kwambiri. Dziwaninso kuti anthu akadzaza, matupi ndi zovala zawo zimameza mawu a pakati ndi a pamwamba kuposa a pansi, ndiye musadabwe kuwonjezera mid pang'ono nyimbo zingapo zikadutsa. Mbali imene ndimakonda kuima ndi ya hi-hat, zitsulo ziwiri za ng'oma zotsekedwa ndi phazi, ampu ili kumbuyo pang'ono kwa mpando wa woimba ng'oma, kuti iye aziimva popanda ine kukweza.

Pamalo pamene pali PA (zida zokuzira mawu a bandi yonse kwa omvera) yabwino yokhala ndi masipika a mawu a pansi, ntchito ya combo imapepukiratu. Kumbuyo kwa ampu zambiri kuli potulukira potchedwa DI, pomwe chingwe chimapita ku mikisa. PA imanyamula chipinda, ndipo ampu imakhala yongodzimvera inu ndi anzanu pa siteji. Ngati pali kabatani ka pre ndi post, ndimasankha pre, imene imatumiza mawu asanadutse m'mabatani a ampu, kuti zimene ndikupotokola pofuna kudzimva zisasokoneze zimene woyendetsa mikisa wakonzera omvera. Kukamveka kulira kwa magetsi kosalekeza mutangolumikiza, dinani kabatani ka ground lift. Musachotse kaphazi ka ethe pa pulagi ya magetsi pofuna kuthetsa kulirako, chifukwa kaphazi kameneko ndi kamene kamateteza moyo wanu chida chikawonongeka mkati, ndipo nsambo za besi zili m'manja mwanu. Woyendetsa mikisa akakupemphani kutsitsa ampu, mumvereni, iye akumva zimene inu simungamve muli pa siteji. Koma PA ikakhala ya timasipika tiwiri ta pamitengo tongonyamula mawu a oimba, ndi bwino besi isalowemo, kapena ilowe pang'ono a pansi atadulidwa. Ikalowa yonse imalanda mphamvu ya mawu a woimba, amene anthu abwerera.

Malire alipo ndipo ndi bwino kuwadziwa musanavomere ntchito. Panja palibe makoma obweza mawu, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri mawu amatsika ndi pafupifupi 6 dB. Ampu imene inadzaza holo dzulo imamveka ngati kawailesi pabwalo. Woimba ng'oma wa dzanja lolemera pamodzi ndi magitala awiri okweza amaposa sipika imodzi ya mainchesi 12, mupotokole mabatani mulimonse. Besi ya nsambo zisanu, imene B yake imatsika kufika pa 31 Hz, imafuna kusamala kowirikiza. Ampu ikafika pamapeto imanena yokha: noti zapansi zimayamba kupupuma ngati chinthu chang'ambika, kapena mumagunda mwamphamvu koma mawu osakwera chifukwa limiter, yoletsa mawu kupitirira malire, yagwira. Mukamva zimenezo bwezani bass kaye, osati master, ndipo nthawi zambiri mumapeza kampata kena.

Ngati malo otere akuchuluka pa ntchito zanu, bokosi lachiwiri la sipika limathandiza kuposa kugula ampu ya mawati ambiri. Mpweya wokankhidwa umawirikiza, ampu imatulutsa mphamvu yake yonse, ndipo mukasanjikiza combo pamwamba pa bokosilo sipika imodzi imafika pafupi ndi makutu anu. Zonsezi pamodzi zimatha kufika pa 5 kapena 6 dB. Onetsetsani kaye kuti combo yanu ili ndi potulukira sipika yowonjezera, chifukwa si zonse zili napo, ndipo werengani ma ohm, muyezo wa mmene sipika imapingira magetsi. Masipika awiri a 8 ohm akalumikizidwa mogundizana amapanga 4 ohm, amene ndi malire a ampu zambiri. Mukawonjezera bokosi la 4 ohm pa sipika ya 8 mumatsika pansi pa 3, ndipo ampu imatentha n'kudzizimitsa pakati pa nyimbo, mwinanso kupsa. Chingwe chake chikhale cha sipika, osati cha gitala, chifukwa kawaya ka mkati mwa cha gitala n'kowonda kwambiri moti sikangapirire magetsi amenewo. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti pa ntchito zazing'ono bokosi lachiwiri limatsala kunyumba.

Kupepuka kuli ndi timavuto take. Bokosi la makilogalamu 10 limatha kuyenda lokha pa simenti yoterera besi ikalira, ndipo munthu akakodwa m'chingwe limagwa chafufumimba. Kamphasa ka labala kunsi kwake kamathetsa loyambalo, ndipo kupisa chingwe pa chogwirira musanachilowetse kumateteza pobayira pake kuti pasathyoke.

Pali chinthu china chimene kaampu kakang'ono kamaphunzitsa, chimene chachikulu chimabisa. Zala ndizo mabatani oyamba osinthira mawu. Kukhudza nsambo pafupi ndi bridge, pamene nsambo zamangiriridwa pa thupi la besi, kumatulutsa mawu olimba odutsa pakati pa zida zina, pomwe pafupi ndi khosi la besi kumatulutsa ofewa, onenepa, olemetsa sipika. Kugunda mopepuka ampu ili yokwererapo kumapereka noti yodzaza kuposa kukoka nsambo mwaukali. Ndipo kuletsa nsambo zimene simukuimba, ndi kudula noti pa nthawi yake, kumasiya mpata woti ng'oma yaikulu imveke payokha. M'chipinda cholindima kwambiri ndimafupikitsa noti, ndipo mizere ina ndimaikweza okitevi imodzi. Omvera sadziwa kuti ndasintha kanthu, amangomva kuti nyimbo yayera. Makutu anunso amapindula. Bungwe la NIOSH la ku America limalangiza kuti phokoso la 85 dB lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo ndi theka, moti pa 100 dB pamatsala mphindi 15 zokha. Bandi imene yayezera kukweza kwake pa kaampu ka besi kawirikawiri imaimba motsikirapo, ndipo mawu a woimba amamveka popanda kukuwa.

Zimenezi zimafuna kukambirana ndi anzanu nyimbo zisanayambe, ndipo kukambirana kofunika kwambiri kumakhala ndi wa kiyibodi. Dzanja lake lamanzere limafika m'dera lomwelo la besi, ndipo akamagunda noti zapansi mowirikiza kudzera mu PA, sipika yanu imodzi siingalimbane naye. Noti zake ndi zanu zikasiyana pang'ono nthawi yoyambira, pansi ponse pamasokonekera, ndipo mlandu umagwera besi. Ndimamupempha mwaulemu kuti dzanja lamanzere alikweze okitevi imodzi pamene ine ndikuimba, ndipo pamene ndapuma atsike mmene angafunire. Wa gitala ndimamupempha kubweza bass ya ampu yake pang'ono ndi kuipendeketsa kuti iloze makutu ake. Wa ng'oma, m'chipinda chaching'ono kwambiri, timagwirizana za timitengo topepuka. Zitatuzi zikachitika, master ya ampu yanga kawirikawiri siipitirira theka usiku wonse.